Tizilembo Tokhala pa Pheŵa

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Munthu wa ku Chadiza amene alikupita kukaona abale ace ku Mozambique, akapitirira cipata ca Chanida ndi kuloŵa ku Cassacatiza, amayamba kuona malembedwe amene sanazoloŵere kwao. Anthu ambiri a mbali imeneyo ndi Aceŵa anzace, ndipo pakamwa amamvana nao bwino lomwe. Koma mapepala a boma ndi zikwangwani za m'mbali mwa mseu ziri m'Cipwitikizi. Pamwamba pa cikalata angaone cilembo cacikuru N, kadontho, ndi ka o kakang'ono kokwezedwa m'mwamba, cotere: N.º. Pa citseko ca sukulu angaone 1.ª classe. Akabwerera kwao, mwana wace adzamuonetsa buku la masamu m'mene mwalembedwa 5², ndipo mlangizi wa zaulimi adzamlembera pa pepala kuti munda wace ndi 2,500 m².

Pa malo anai onseŵa pali kacilembo kakang'ono kokhala pa pheŵa la cinzace, ndipo maso a munthu wofulumira amati tonse ndi tamtundu umodzi. Koma tizilembo timeneti tiri m'mafuko aŵiri, osiyana makolo ndi nchito yomwe. Ndipo wosadziŵa kusiyanitsa angathe kulephera mayeso a masamu, kapena kulipira ndalama za munda waukuru ndi kulandira kabwalo kongokwana khola la mbuzi. Osindikiza mabuku a Cingelezi amacha fuko loyamba superior letters, ndi laciŵiri superscripts. M'nkhani ino loyambalo lichedwa mcira wa liu, ndi laciŵirilo cizindikilo ca pa pheŵa.

MCIRA WA LIU

Fuko loyamba ndilo lakale. Makina osindikizira asanapangidwe, mabuku a ku Ulaya anali kulembedwa ndi manja pa zikopa za nkhosa, za mbuzi ndi za ana a ng'ombe. Cikopa cinali ca mtengo wapatali, ndipo buku limodzi lalikuru linali kutha zikopa za gulu lonse la ziŵeto. Cifukwa cace alembi anaphunzira kusunga malo. Liu lobwera kaŵiri kaŵiri sanali kulilemba lonse. Anali kulemba mutu wace, kusiya thunthu, ndi kukweza cilembo cotsiriza m'mwamba, kuti woŵerenga adziŵe kuti pakati pacotsedwa kanthu.

Pamene Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo wace mu mzinda wa Mainz, ca m'ma 1455, anafuna kuti tsamba lace lifanane ndi la alembi a manja. Cotero sanaumbe zilembo za alifabeti zokha, koma anapanga zidindo zosiyana pafupifupi 290, ndipo zambiri mwa izo zinali za zilembo zolumikizana ndi za mau ofupikitsidwa. Mwambo wa kufupikitsa mau unaloŵa motero m'nyumba zosindikizira, ndipo m'zilankhulo zina ulipobe kufikira lero.

Cipwitikizi ndi cimodzi ca zilankhulo zimene zausunga kwambiri. N.º uja wa pa cikalata ndi liu lakuti número, ndilo nambala: N ndiye mutu, o ndiye mcira, ndipo kadontho kaimira zilembo zosiyidwa. Sr.ª ndi senhora, ulemu wopatsa mai. 1.º ndi primeiro ndipo 1.ª ndi primeira. Onse aŵiri atanthauza woyamba, koma Cipwitikizi cimagaŵa maina a zinthu m'magulu aŵiri, lacimuna ndi lacikazi, ndipo kamcirako ndiko kamasonyeza gulu. Cifukwa cace miseu ndi masukulu ochedwa ndi dzina la tsiku la anchito amalembedwa 1.º de Maio, pamene kalasi loyamba limalembedwa 1.ª classe.

Cingelezi naco ciri ndi micira yace. Pa makalata a boma ndi pa makalendala pamaoneka 1ˢᵗ, 2ⁿᵈ ndi 3ʳᵈ, ndiwo mathero a mau akuti first, second ndi third. M'makalata akale olembedwa ndi manja, Mister anali kulembedwa Mʳ, kaŵiri kaŵiri ndi kadontho kapena kamzere kunsi kwa r. Ndipo m'maina a ku Scotland monga McDonald, c anali kukwezedwa cifukwa Mc ndi cidule ca Mac, ndiko kuti mwana wa uje. Afalansa amalemba Mᵐᵉ ponena Madame.

Pa zitsanzo zonsezi cinthu cacikuru ndi cimodzi: kacilembo kokwezedwako ndi ciŵalo ca liu lomwelo, monga mcira uli ciŵalo ca nyama. Sikauza woŵerenga kucita kanthu kena. Kamangomthandiza kuzindikira liu limene lafupikitsidwa, ndipo iye amalichula lonse lathunthu.

CIZINDIKILO CA PA PHEŴA

Fuko laciŵiri linabadwira m'masamu. Akatswiri akale pofuna kunena kuti nambala icurukitsidwe ndi mwini wace, anali kulemba mau atali kapena kubwereza cilembo kangapo. Munthu amene anafalitsa njira ya lero ndi René Descartes wa ku France, m'buku lace la masamu lochedwa La Géométrie la caka ca 1637. Iye anaika kanambala pa pheŵa la cilembo kusonyeza kuti cibwerezedwe kangati, cinkana pa kubwereza kaŵiri iye mwini nthaŵi zambiri anali kungolemba cilemboco kaŵiri.

Kanambala kameneka si mathero a liu liri lonse. Ndi lamulo. 5² atanthauza 5 kucurukitsa ndi 5, ndiye 25. 10³ atanthauza 10 kucurukitsa ndi 10, ndi kucurukitsanso ndi 10, ndiye 1,000. Wophunzira amene amaŵerenga 5² monga 5 kucurukitsa ndi 2 amapeza 10, ndipo samu yonse yotsatira imagwa naye pamodzi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza mlimi. Kuyambira ca m'ma 1980 alimi a m'Zambia anazoloŵera muyeso wa lima, umene alangizi anafalitsa kuti mbeu ndi feteleza ziziyesedwa molingana ndi kukula kwa munda. Lima imodzi ndi gawo limodzi la magawo anai a hekitala, ndipo ingathe kukhala munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Kucurukitsa 50 ndi 50, kumene kumalembedwa 50², kumapatsa 2,500. Ndipo ka 2 kokhala pa pheŵa la m kanena kuti cimene cirikuŵerengedwa si utali wa cingwe, koma timabwalo ta mita imodzi uku ndi mita imodzi uku: m'lima imodzi muli timabwalo totere 2,500, ndi m'hekitala muli 10,000.

Munthu wosasamala ka 2 kameneka angasocere kutali. Akaona 100 m² angaganize kuti malowo ndi mamita 100 mbali iri yonse, pamene cimene calembedwa ndi bwalo la mamita 10 uku ndi 10 uku. Malo a mamita 100 mbali iri yonse ndi hekitala yathunthu, yoposa bwalo lija ka 100. Cimodzimodzi wofuna malo omangapo nyumba pafupi ndi boma, akaona 400 m² pa cikalata, adziŵe kuti ndi malo onga a mamita 20 uku ndi 20 uku. Mlimi wa kwa Mlolo, wa kwa Zingalume kapena wa kwa Mwangala amene alikubwereka munda kapena kuŵerengera matumba a feteleza, angataye ndalama za caka conse pa kanambala kosaposa njere ya maŵere.

Ka 3 ka pa pheŵa kamaonjeza muyeso wacitatu, ndiwo kuya kapena msinkhu. 1 m³ ya madzi ndi malita 1,000, ndiyo migolo isanu ya malita 200. Ndipo 1 cm³ ya mankhwala a katemera wa ng'ombe ndi mililita imodzi.

Pali nchito inanso ya cizindikilo ca pa pheŵa imene siri ya masamu. M'mabuku a maphunziro, kanambala kotsatira liu kamauza woŵerenga kuti ayang'ane kunsi kwa tsamba, kumene kuli mau ofotokoza. Ndipo m'Mabaibulo ambiri a masiku ano timanambala totere timasonyeza poyambira ndime. Akonso ndi lamulo, losiyana ndi la masamu lija, ndipo osindikiza ocenjera amapewa kuika kanambala kolozera kunsi kwa tsamba pambuyo peni peni pa nambala ina. Munthu akalemba matumba 12³, alikufuna kunena matumba 12 ndi mau acitatu a kunsi kwa tsamba, wodziŵa masamu adzaŵerenga matumba 1,728.

MAYESO AŴIRI

Ziripo njira ziŵiri zosabvuta zodziŵira fuko la kacilembo kali konse.

Njira yoyamba ndiyo kukatsitsa. Munthu aganize kuti kacilemboko katsika pa pheŵa, kaima pa mzere pamodzi ndi zinzace. 1ˢᵗ akatsika akhala 1st, ndipo tanthauzo silisintha. Mʳ akhala Mr, N.º akhala No., ndipo nyuzipepala zambiri za Cingelezi zimalemba motero masiku onse popanda wodandaula. Koma 5² akatsika akhala 52. 10³ akhala 103. Ndipo 50², lima ija, akhala 502. Mcira wa liu ukatsika umangotaya kukongola, koma cizindikilo ca pa pheŵa cikatsika cimanena bodza.

Njira yaciŵiri ndiyo khutu, ndipo omvera wailesi aidziŵa kale osazindikira. Woulutsa mau akafika pa mcira amachula liu limodzi lathunthu: número, senhora, first. Akafika pa kanambala ka masamu ayenera kuonjeza mau a lamulo, kunena kuti 5 kucurukitsa ndi 5, kapena masikweya mita. Akafika pa kanambala kolozera kunsi kwa tsamba sachula kanthu konse, amangopitirira.

Ngakhale micira yomwe inasoceretsapo anthu. Cingelezi cakale cinali ndi cilembo cimodzi coimira th, cimene zidindo zocokera ku maiko ena a ku Ulaya zinalibe. Osindikiza anaikapo y m'malo mwace, cifukwa m'malembedwe a manja a masiku amenewo ziŵirizi zinali kufanana, ndipo liu lakuti the linasindikizidwa yᵉ. Patapita mibadwo ka e kanatsika, ciyambi cace cinaiŵalika, ndipo anthu anayamba kuchula ye pamene makolo ao anali kuchula the.

Pali tizizindikilo tiŵiri timene timanyenga ngakhale alembi ozoloŵera nchito. Kamphete ka madigiri, monga mu 30°, kamayesa kutentha kwa dzuŵa kapena kukula kwa ngodya, ndipo ndi kozungulira bwino lomwe monga mkanda. Ka o ka Cipwitikizi, monga mu 30.º, ndi cilembo ceni ceni ca alifabeti, cotalikirako pang'ono, ndipo m'zidindo zambiri ciri ndi kamzere kunsi kwace. Coyambaco cinena madigiri 30. Caciŵirico cinena cinthu ca nambala 30 pa mndandanda. Wamalonda wodzaza mapepala a katundu wopita ku Tete acita bwino kuyang'ana ngati pali kadontho patsogolo ndi kamzere kunsi.

M'NYUMBA YOSINDIKIZIRA

Mabuku oyamba amene anafika m'masukulu a misyoni, monga a ku Nsadzu, anasindikizidwa ndi zilembo za mtobvu. Cilembo ciri conse cinali pa kamtengo kace ka citsulo, ndipo wosanja anali kutola cimodzi cimodzi m'zipinda za bokosi ndi kuziika m'mzere. Kacilembo ka pa pheŵa kanali ndi kamtengo kace kofanana msinkhu ndi tinzace, koma nkhope yace inasemedwa yaing'ono, kumtunda kwa kamtengoko.

Amisiri osema zidindo anali kusiyanitsa mafuko aŵiri aja ndi maso omwe. Mcira wa liu anali kuukweza pang'ono cabe, kuti mutu wace ulingane ndi mitu ya zilembo zazikuru, usapitirire. Pakuti uyenera kumamatira ku liu lace ndi kuŵerengedwa nalo pamodzi. Mizere yace anali kuinenepetsa dala, kuti ngakhale kacilemboko ndi kakang'ono kasaoneke kotumbuluka pakati pa zinzace. Ndipo sanali kusema alifabeti yonse, koma zilembo zoŵerengeka zokha zimene mau ofupikitsidwa amathera nazo, monga a, e, o, r, s ndi t. Cizindikilo ca masamu cimaloledwa kukwera koposa, kuti cipatukane bwino ndi nambala ya pansi. Cingathe kukhala nambala iri yonse kapena cilembo ciri conse, ndipo nthaŵi zina naco cimasenza kanzace pa pheŵa.

Makina olembera a taipi, amene akalaliki a pa boma ndi a m'masukulu anagwira nao nchito zaka zambiri, analibe ufulu wotere. Kalaliki pofuna kulemba m² anali kupotoza mpukutu wa pepala theka la mzere, kumenya 2, ndi kubwezanso mpukutuwo. Ndipo 2 ameneyo anali kuturuka wamkuru monga anzace. Kalaliki wotopa akaiŵala kupotoza, pepala la mayeso linali kufika kwa ana liri ndi 52 pamene mphunzitsi analemba 5².

Kompyuta yacepetsa bvuto limenelo, koma yabweretsa lace. Pulogalamu monga Microsoft Word imakweza yokha st ndi nd ndi th munthu akalemba tsiku la mwezi, ndipo kaŵiri kaŵiri imangocepetsa cilembo wamba ndi kucikankhira m'mwamba. Cifukwa cace micira yotere imaoneka yoonda poyerekeza ndi ya m'mabuku a amisiri. Coopsa koposa ndi ici: kukwezako nthaŵi zambiri ndi cobvala cabe ca cilembo, ndipo mau akakopedwa kupita ku uthenga wa pa foni cobvalaco cimatsala. Mlangizi amatumiza 50², mlimi amalandira 502. Mankhwala ace alipo. Mu mndandanda wa zilembo wa dziko lonse wochedwa Unicode, umene unayamba kufalitsidwa mu 1991, ² ndi ³ ndi ª ndi º ziri ndi malo aoao monga zilembo zoima pa zokha, ndipo sizitsika pokopedwa. Pa mafoni ambiri ² ndi ³ zimapezeka munthu akasindikiza cala pa nambala kwa kanthaŵi. Pamene sizipezeka, nkwabwino kulemba mau onse: 50 kucurukitsa ndi 50, kapena masikweya mita 2,500.

NANGA CINYANJA?

Cinyanja cimagwiritsa nchito zizindikilo za pa pheŵa monga zilankhulo zonse, popeza masamu alibe mtundu. Koma micira ya mau siciifuna, ndipo cifukwa cace ciri m'mapangidwe a cilankhuloco. Cingelezi ndi Cipwitikizi zimasintha liu kumathero. Cinyanja cimalisintha kumutu. Mnyanja amati mwana waciŵiri, buku laciŵiri, caka caciŵiri, ndipo pofupikitsa amalemba mwana wa 2, buku la 2, caka ca 2. Nchito imene mcira umagwira m'zilankhulo zija, m'Cinyanja imagwiridwa ndi kaliu ka patsogolo koima pa mzere. Cotero wolemba kalata ya Cinyanja alembe kuti Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964. Kuonjezapo th ndiko kusokera mbuzi mcira wa ng'ombe.

Komabe pamwamba pa mizere ya Cinyanja pamaoneka tinthu tiŵiri timene sitiri m'fuko liri lonse la aŵiri aja. Koyamba ndi kacipewa ka pa ŵ, monga mu Aceŵa ndi Malaŵi. Kameneka sikakhala pa pheŵa koma pamutu, ndipo pamodzi ndi w kamapanga cilembo cimodzi ca kachulidwe kofatsa, milomo ikungoyandikizana. Olemba ambiri a masiku ano amakasiya, ndipo oŵerenga amamvabe, ngakhale kuti kachulidwe ka akuruakuru kamabisika. Kaciŵiri ndi kankhodolero ka m'mwamba, kamene kali ndi nchito ziŵiri. Mu m'munda ndi m'nyumba kaimira u wa mu amene wamezedwa, ndipo pamenepo kafanana ndi kadontho ka N.º. Koma mu ng'ombe ndi ng'oma sipanacotsedwe kanthu. Kamasonyeza kuti ng' ndi liu la m'mphuno losiyana ndi ng. Wocotsa kameneka amasandutsa ng'oma ya gule kukhala ngoma, nyama ya m'chire ya nyanga zopotana.

Akuruakuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo maso a nkhono naonso amakhala aang'ono pamwamba pa tinyanga. Mphunzitsi wa masamu aonetse ana pa bolodi 5² ndi 52 moyandikana, kufikira ali yense aone kusiyana kwace. Wotaipa mapepala a mayeso aŵerengenso nchito yace isanacurukitsidwe. Wogula malo asasaine cikalata asanapite ndi cingwe coyesera, ndi mboni, kukaona mamita a mbali iri yonse. Ndipo wa ulendo uja, akadzaimanso pa cipata ca Chanida ndi pepala m'manja, adzadziŵa kuti ka o kakang'ono ka pa pheŵa la N kalikungopempha nambala ya ciphaso cace.